MPHUMU MWA AKAZI: ZIMENE ZIIKHALITSA

M'midzi yathu yozungulira Chipata, kufikira ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, muli amai ambiri amene aima katatu pokwera kaphiri ndi mtolo wa nkhuni, ndipo usiku cifuwa cao cilira ngati mluzu. Ena ati mai wotere ngwaulesi, ena ati walodzedwa. Koma kawirikawiri dzina la bvuto lace ndilo mphumu. Bungwe la umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu mamiliyoni 262 anadwala mphumu, ndipo 455,000 anafa nayo, ocuruka a iwo m'maiko osauka. Phunziro lathu liri ndi funso limodzi: cikhalitsa nthenda iyi mwa akazi nciani, ndipo banja lingacitepo ciani?

1. Makhalidwe a nthendayi

Mpweya umene tipuma utsika pakhosi nulowa m'mapapo mwa tinjira tambiri togawikana ngati nthambi za mtengo. Mwa munthu wa mphumu tinjira timeneti ntotupa m'kati. Pakafika utsi, pfumbi kapena mphepo yozizira, minofu yozinga tinjirato imanga, makhololo acuruka, ndipo mpata wa mpweya ucepa. Pamenepo munthu abanika, cifuwa cithina, natsokomola makamaka usiku ndi mbandakuca. Kubanikako kudza ndi kupita, koma kutupa kutsala m'katimo monga moto wa pansi pa phulusa. Mphumu si nthenda yopatsirana. Mungathe kudya ndi wodwala m'mbale imodzi osaopa.

2. Zocokera m'thupi ndi ku mtundu

Pa ubwana anyamata adwala mphumu koposa atsikana, ndipo ambiri a iwo apeza bwino pokula. Koma kuyambira pa unamwali zinthu zitembenuka: mwa akulu, akazi ndiwo acuruka, ndipo mphumu imene yagwira munthu atakula kale siicoka msanga. Madokotala aona kuti zamphamvu za m'mwazi zochedwa mahomoni, zimene zilamulira mwezi wa mkazi, zikhudzanso njira za mpweya. Cifukwa cace akazi ena abanika kopambana masiku ocepa asanayambe kusamba. Mwa akazi apakati amene ali ndi mphumu, pafupifupi mmodzi mwa atatu nthenda imkulira, wina ikhala cimodzimodzi, wina imcepera.

Mkazi amene atate ace kapena amace anali ndi mphumu, ndi iye wa cimfine cosatha ca kuyetsemula kapena ziwengo za pakhungu, ayenera kucenjera koposa anzace. Kunenepa kopambanitsa nako kukulitsa nthendayi, ndipo mankhwala sagwira bwino nchito m'thupi lotere.

3. Zocokera m'nchito za mkazi

Za mtundu sitingathe kuzisintha, koma za pakhomo ziri m'manja mwathu. Taganizani tsiku la mai wa kumudzi. M'mamawa asesa bwalo louma, pfumbi liri koboo. Kenaka alowa m'kanyumba kophikiramo kopanda zenera, nasonkha moto wa nkhuni zaziwisi kapena zitsononkho, nauzira ndi pakamwa, maso ali misozi, mwana ali kumbuyo kupuma utsi womwewo. Bungwe lija linanena kuti m'caka ca 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi mamiliyoni 3.2 ndi nthenda za m'cifuwa, za mtima ndi zina. Mwamuna akhala pabwalo kuyembekeza nsima. Amene amwa utsiwo tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi ndiye mkazi.

Nyengo iri yonse iri ndi msampha wace. Pa kukolola pali pfumbi la kupuntha ndi kupeta cimanga, la nshawa, la thonje, la fodya m'cigafa, ndi la mankhwala othira m'cimanga kuopa anankafumbwe. M'cisanu ca June ndi July mbaula ya makala ilowa m'nyumba yotseka. Kuyambira August kufikira October thengo lipsa, ndipo utsi uphimba mudzi. M'dzinja makoma acita cinyontho namera nkhungu. Onjezanipo mphemvu, nkhuku ndi amphaka ogona m'nyumba, mankhwala ofukiza a udzudzu, ndi fodya amene mwamuna asuta m'cipinda cogona. Zonsezi zisonkhezera moto uja wa pansi pa phulusa kuti usazime.

4. Kusamwa mankhwala moyenera

Cina cimene cikhalitsa mphumu ndico kusadziwa kusiyana kwa mankhwala awiri opopera m'kamwa, amene ambiri awacha inhela. Oyamba, salbutamol, amene kawirikawiri akhala m'kabotolo ka buluu, atsegula njira msanga munthu akabanika, koma sacotsa kutupa. Aciwiri, monga beclometasone, kawirikawiri m'kabotolo kofiirira, acepetsa kutupako pang'onopang'ono, ndipo apopedwa masiku onse, ngakhale munthu ali bwino. M'caka ca 2019 akatswiri a bungwe la Global Initiative for Asthma analangiza kuti munthu wamkulu asadalire otsegula okha, pakuti wotero akhala pa ngozi ya kubanika koopsa. Mai amene afuna kabotolo ka buluu koposa kawiri pa sabata, kapena adzuka usiku ndi befu, abwerere ku cipatala nakafunse za mankhwala oletsa kutupa. Safunsa anadya phula.

Pali mau oyenda m'midzi akuti inhela izolowereka, kapena kuti apatsa munthu amene ali pafupi kufa. Mau awa ngonama, ndipo apweteka ambiri. Mai wapakati asaleke mankhwala ace poopa kupweteka mwana. Mwana wa m'mimba alandira mpweya kwa amace, ndipo amace akabanika iyenso asowa. Ndiponso pali akazi ena amene aspirin ndi Brufen ziwautsira mphumu. Cotero pogula kapena polandira mankhwala a mutu, nenani kuti muli ndi nthendayi.

Ambiri apopa, mankhwala natsala pa lilime osafika m'mapapo. M'caka ca 1999 madokotala a ku Cape Town anaonetsa mwa ana odwala mphumu kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, loboola kunsi kuti inhela ilowepo, lithandiza monga cipangizo cogula. Pemphani anamwino akuonetseni kapangidwe kace.

5. Mbali ya banja

Inu abambo, mutu umodzi susenza denga. Boolani mazenera awiri m'kanyumba kophikiramo, kapena mangani cisakasa copita mphepo. Unjikani nkhuni ziume mvula isanadze. Fodya wanu musutire kutali, ndipo mukamleka konse mwacita bwino koposa. Kupeta ndi kuthira mankhwala m'cimanga acite wina, si wodwalayo ai. Wazani madzi musanasese. Yanikani mphasa ndi zopfunda padzuwa. Nkhuku zigone m'khola.

Dziwaninso zizindikiro za ngozi. Wodwala akalephera kutsiriza mau cifukwa ca befu, milomo ikasanduka yotuwa, kapena inhela ikaleka kuthandiza, mkhazikeni tsonga, mpopereni salbutamol, nimumtengere ku cipatala ca pafupi pomwepo, ungakhale usiku. Musayembekeze kuca, pakuti mphumu ikhoza kupha m'maora ocepa. Zipatala zazikulu ziriko: Chipata Central Hospital, Mwami, St Francis ku Katete, ndi Nyanje. Ndipo cifuwa copitirira masabata awiri, pamodzi ndi kuonda, thukuta la usiku kapena mwazi m'makhololo, cifuna kupimidwa, pakuti cingakhale cifuwa cacikulu ca TB, cimene ciri ndi mankhwala ace ena.

Mphumu ya munthu wamkulu siizuka ndi mizu yace, koma igonja. Mai amene utsi wamcokera, napopa mankhwala ace mokhulupirika, akhoza kulima, kubala ana ndi kuona zidzukulu monga anzace.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa amai

1. Kodi inhela ya buluu isiyana bwanji ndi yofiirira?
2. M'mudzi mwanu, ndi nyumba zingati zophikiramo ziri ndi zenera?
3. Mnzanu akabanika usiku, adzamtengera ku cipatala ndani, ndipo pa ciani? Panganani lero.