Mwana wanga akufuna kumalowa pansi pa nyanja

FUNSO

Ndine mkazi wamasiye wa kwa Khombedza. Amuna anga anapita ku usipa nthawi ya mwera, osabwerako. Tsopano mwana wanga wachisamba, yemwe wangolemba mayeso a Fomu 4, akuti akufuna kuphunzira kulowa pansi pa nyanja ndi silinda ya mpweya kumsana, kuti aziperekeza alendo okaona nsomba. Tulo sindikupeza. Ndimuletse bwanji?

YANKHO

Pepani kwambiri mayi. Nyanja inakulandani mwamuna, ndiye mukamva kuti mwana nayenso walunjika komweko, mtima sungakhale m'malo. Munthu asakuneneni kuti mukuchulutsa mantha.

Komabe tiyeni tisiyanitse zinthu ziwirizi. Malemu anali pabwato usiku, mphepo n'kuwapeza kutali ndi gombe. Amene waphunzira bwino ntchito imene mwana wanu akufunayi amayamba waona mmene nyanja yadzukira, salowa yekha, ndipo mwera ukakula amakhala kumtunda.

Ntchitoyo ilipodi. Kunyanja yamchere, monga ku Pemba ku Mozambique, alendo amalowa m'madzi kukaona matanthwe a korali. Ife korali tilibe, tili ndi miyala yodzaza mbuna, tinsomba ta mawanga tomwe kwawo n'kuno kokha. Zilumba za Maleri, kufupi ndi kwanu ku Salima konko, zili m'gulu la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ku Senga Bay, malemu Stuart Grant ankalemba ntchito anyamata a m'mbali mwa nyanja kuti azigwira mbuna zamoyo zotumiza kunja.

Zoopsa sindikubisirani. Munthu akamapuma mpweya wa m'silinda ali pansi, mpweya wa nitrogen umalowa wambiri m'thupi. Akavuuka mothamanga, mpweyawo umachita thovu m'magazi ngati Fanta yotsegulidwa itakhutchumulidwa, ndipo amamva kuphwanya m'mfundo, mwina kufa ziwalo, mwinanso kumwalira kumene. Kukwera atagwira mpweya osapuma kumavulazanso mapapo. N'chifukwa chake satifiketi yoyamba ya bungwe la maphunzirowa la PADI, yotchedwa Open Water, imalola kutsika mamita 18 okha, ndipo woperekeza alendo amayenera kupitiriza maphunziro mpaka afike pa Divemaster. Sukulu zake zili ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Ndalama zake n'zambiri ndithu, komanso alendo amabwera mwa nyengo. Zimenezi mnyamatayo azidziwe asanayambe kulota za malipiro.

Chimene ine ndikuopa kwambiri n'chakuti mukangomuletsa, adzaphunzira mobisa kwa anzake, ndi zipangizo zobwereka, n'kumakawonjola maukonde okodwa m'miyala. Ngozi zambiri zimachokera kumeneko.

Itanani amalume ake mukhale pansi atatu. Mumuuze poyera zimene zimakusowetsani tulo, ndipo nayenso mumumvere, paja naye anataya bambo ake m'nyanja yomweyo. Mwina pali zimene sanakuuzenipo poopa kukulizani. Kenako muikeni malire. Ayambe wapita kuchipatala akamuyeze chifuwa, mtima ndi makutu, chifukwa wodwala khunyu saloledwa, ndipo wa mphumu amafunika chilolezo cha dokotala. Aphunzire kusukulu yopereka satifiketi basi. Za likodzo asaiwale, azikayezetsa nthawi ndi nthawi.

Ngati mungakwanitse thiransipoti, mupite naye tsiku loyamba, mukaone ndi maso anu aphunzitsi ndi zipangizo zawo, mukafunse chilichonse chimene chikukuvutani. Mukapeza kuti zinthu zake n'zachibwana, mubwerere naye kunyumba, ndipo pamenepo sangakutsutseni. Inunso mayi musasenze nokha chisonichi, pezani mnzanu wakumpingo kapena wachibale woti muzimukhuthulira zakukhosi. Mudzandilemberenso mukakambirana.