Zomba kapena Blantyre? Mafunso ndi mayankho pa kusankha yunivesite

Muulutsi: Sabata ino makalata ambiri afunsa nkhani imodzi, ya ana amene akhoza MSCE ndipo akulemba mafomu a sukulu za ukachenjede. Mlangizi wathu wa zamaphunziro ali nafe muno. Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa ku Ntcheu. Akuti: "Ndimakonda masamu ndi nkhani za ndalama. Amalume akuti ndilembe Chanco chifukwa ndiyo sukulu ya dzina, anzanga akuti Poly. Ndiyambe iti?"

Mlangizi: Mwana wanga, ndakunyadira. Tiyambe ndi kuwadziwitsa amalume kuti zinthu zinasintha. Kuyambira 2021, Chancellor College ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, pomwe Polytechnic ya ku Chichiri mu Blantyre inaima payokha ngati MUBAS. Onse ndi mayunivesite aboma, ndipo kusankha ophunzira kumadzera ku bungwe la NCHE.

Tsono funso lako lili ndi phata lake. Pa fomu sulemba dzina la sukulu lokha, umalemba maphunziro amene ukufuna. "Nkhani za ndalama" ndi njira ziwiri zosiyana. Ngati umafuna kumvetsa chifukwa chimene mtengo wa chimanga umakwerera mu Januwale, kapena chimene chimachitika kwacha ikagwa mphamvu, imeneyo ndi Economics, ndipo Zomba yakhala ikuiphunzitsa kwa zaka zambiri. Komweko kuli ofesi ya boma ya kalembera, National Statistical Office, ndi Centre for Social Research ya yunivesiteyo. Koma ngati chimakusangalatsa ndi kulondoloza mabuku a kampani, kuwerengera msonkho, kufufuza kumene ndalama zalowera, imeneyo ndi Accountancy, ndipo kwawo ndi ku MUBAS. Ku Blantyre kuli malikulu a mabanki angapo, msika wa masheya, mafakitale a ku Makata ndi Chirimba. Ikafika nthawi ya atachimenti, zitseko zogogoda zimakhala pafupi.

Ndiye khala pansi udzifunse: zaka khumi zikubwerazi, ndikufuna kumadzuka m'mawa kupita kukagwira ntchito yanji? Ukayankha limenelo, sukulu idzisankha yokha. Amalume uwalemekeze, uwafotokozere modekha, koma zaka zinayi za m'kalasi udzakhalamo ndiwe.

Muulutsi: Kalata yachiwiri ndi ya bambo a ku Mangochi. Akuti: "Mnyamata wanga akufuna uinjiniya wa misewu ndi milatho. Ine Blantyre ndimaiopa, ana amalowererako. Bwanji angopita ku Zomba kumene kuli phee?"

Mlangizi: Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo si yachabe. Koma pa masukulu awiriwa, uinjiniya wa misewu ndi milatho uli ku MUBAS. Mukamukakamiza Zomba, ndiye kuti mwamusinthira ntchito ya moyo wake wonse chifukwa choopa tauni. Chonde musatero.

Chimene ndikufuna muope kwambiri ndi pogona, ndipo vuto limeneli lili konsekonse. Zipinda za pasukulu sizikwanira, ku Chirunga mu Zomba ngakhalenso ku Chichiri. Ambiri amachita lendi kunja. Ku Zomba mumva za Chikanda ndi Matawale, ku Blantyre mumva za Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Zingwangwa. Mwana wotopa ndi ulendo, wogona ndi njala, wowerengera mumdima magetsi akazima, sakhoza bwino ngakhale ataphunzitsidwa ndi mapulofesa odziwika. Ambiri amene amabwerera kumudzi osamaliza si kuti mutu unali wouma ayi, koma kuti thumba linatha pakati pa semesita.

Ndiye dzina lake likatuluka, kwerani naye basi. Kaoneni chipindacho ndi maso anu. Madzi amatunga kuti? Chitseko chimakhoma? Akachoka ku laibulale usiku, ayenda mtunda wotani, ndipo njirayo ili ndi anthu? Ngati pakufunika minibasi kapena kabaza tsiku lililonse, werengani ndalama imeneyo pa mwezi, muiphatikize ndi lendi, ufa, ndiwo, makala ndi bando ya intaneti. Safunsa adadya phula, bambo: funsani ophunzira a chaka chachitatu, iwo ndiwo amadziwa mitengo yeniyeni. Ngati muli ndi mbale wodalirika mu Blantyre, imeneyo ndi mfundo yaikulu kuposa phokoso la tauni. Mupezereninso mpingo kapena mzikiti woti azisonkhana nawo kuyambira sabata yoyamba.

Za ngongole ya boma, ya bungwe la HESLGB, alembe msanga. Koma dziwani kuti si onse olemba amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, adzabweza akadzayamba kupeza ndalama.

Muulutsi: Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Dowa: "Kodi olemba ntchito saiderera digiri ya MUBAS poti dzinalo ndi latsopano?"

Mlangizi: Iyayi. Dzina ndi latsopano, sukulu ndi yakale. Polytechnic inayamba mu 1965, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. Mainjiniya, owerengera ndalama ndi atolankhani ambiri amene akugwira ntchito m'dziko muno anadutsa pomwepo. Wolemba ntchito amayang'ana chimene unaphunzira, mmene unakhozera, ndi chimene manja ako angachite.

Ndiwonjezere mawu kwa nonse olemba mafomu. Werengani bwino zofunika pa maphunziro aliwonse. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe. Maphunziro ena amafunanso kuti ukhoze bwino masamu kapena sayansi. Musadzaze mndandanda wonse ndi maphunziro opikisana kwambiri okhaokha, ikanipo ena amene mapointi anu angafike, koma oti mukhozadi kuwaphunzira ndi mtima wonse. Ndipo fomu mudzaze nokha, kapena mukhale pomwepo pamene wina akukudzazirani pa kompyuta. Muwerenge mzere uliwonse musanatumize, ndipo tsiku lotsekera lisakupezeni muli pamzere.