Mphamvu Sizichokera mu Foni

Anyamata ndi atsikana a mpira wamiyendo ndi wamanja kuno ku Ntcheu, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Kampepuza, ndili nanu mawu pa nkhani ya mafizo.

Masiku ano aliyense akuyenda ndi kochi m'thumba. Mukangogula bandulo, TikTok imakuonetsani munthu ataima ndi mwendo umodzi pamwamba pa mpira, chitsulo chili kumanja, kwinaku akudzipotokola. M'mawa mwake muli pabwalo kuyesa zomwezo, sabata ikatha mwatola zina. Pakapita miyezi itatu mumadziwa masitayelo osawerengeka, koma mukagundana mapewa ndi difenda wa ku Tsangano yemwe wakulira kusenza matumba a kachewere, wogwa ndinu.

Wojambula uja akufuna maso anu, choncho amakuonetsani zododometsa. Zimene zinamumanga thupi sazijambula, chifukwa n'zosasangalatsa kuonera. Mnofu umalimba mukausenzetsa katundu woposa pang'ono amene unazolowera, n'kuupatsa chakudya ndi nthawi yopuma, kenako n'kuwonjezeranso. Tsono munthu woima pa mpira angawonjezere bwanji? Nzeru zake zonse zili pa kuopa kugwa, ndipo miyendo siilandira ntchito yokwanira kuti ikule.

Agiriki akale anali ndi katswiri wa kulimbana dzina lake Milo wa ku Croton, amene anapambana kasanu ndi kamodzi pa masewera a Olympia. Amati ankanyamula thole tsiku ndi tsiku mpaka linasanduka nkhunzi ali kulinyamulabe. Ife Angoni odziwa makulidwe a ng'ombe tikhoza kukayika ngati zinathekadi, koma mfundo yake ndi yoona: ntchito imodzimodziyo, katundu akulemera pang'onopang'ono.

Thole lanu ndi chigubu. Cha malita 20 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo ubwino wake ndi woti mutha kuyambira pa theka n'kumathiramo lita imodzi sabata iliyonse. Chikumbatireni pachifuwa, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa. Njutani ngati mukukhala pa mpando waufupi, zidendene zisanyamuke pansi, msana usapindike, mawondo aziloza kumene zala zakumapazi zaloza. Dzukani. Chitani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, pumani mphindi ziwiri, bwerezani katatu. Mukaona zidendene zikunyamuka, pungulani madzi; palibe manyazi pamenepo. Onjezani mapushapu, kudzikoka pa nthambi yolimba ya mtengo wa mango, kunyamula cholemera kuchokera pansi msana uli wowongoka, ndi kuyenda ndi zigubu ziwiri m'manja. Zitunda zothamangirapo nazo sitisowa, mapiri a Kirk Range tili nawo pakhomo.

Pali fizo lina limene ndimafuna timu iliyonse ya m'mudzi italidziwa. Mmodzi agwade pa udzu, mnzake amugwire akakolo molimba. Wogwadayo azigwera kutsogolo mwapang'onopang'ono, thupi lili chilili kuchokera m'mawondo mpaka kumutu, akudziletsa ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu, mpaka atalephera n'kutera pa manja. Silioneka bwino pa kamera, ndipo mawa lake kuyenda kumavuta. Koma lili m'gulu la mafizo a FIFA 11+, pulogalamu ya mphindi pafupifupi 20 yokonzekeretsa thupi masewera asanayambe, imene itayesedwa pa atsikana osewera mpira ku Norway inachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Silifuna ndalama ngakhale tambala, limangofuna mnzako.

Wina anena kuti ngati zili choncho, basi wakabaza ndi wokweza matumba pa Tsangano Turn-off ndiwo akatswiri. Mphamvu alidi nazo, ndipo musaiwale kuti Porters Race ya ku Mulanje inayamba ngati mpikisano wa anthu onyamulira alendo katundu m'phiri. Kusiyana kwake n'koti waganyu sasankha kulemera kwa thumba kapena tsiku lopuma, n'chifukwa chake ambiri amadandaula msana asanakalambe. Inu mwayi wosankha muli nawo. Masiku awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira, ndipo pakati pake pazidutsa tsiku lopuma. Masabata oyamba mudzamva mphamvu zikubwera koma pagalasi simudzaona kanthu, poti thupi limayamba laphunzira kugwiritsa bwino ntchito minofu imene ilipo kale. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kubwerera ku foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Eliud Kipchoge atathamanga makilomita 42 mu 1:59:40 ku Vienna mu 2019, dziko lonse linkakamba za nsapato zake. Zaka zimene anakhala ku kampu ya Kaptagat ku Kenya, kudzuka m'mamawa n'kumathamanga m'misewu yafumbi yomweyomweyo, n'kumalemba zonse m'kabuku, ndi ochepa amene anazitchula.

Za ufa wa m'zitini wogulitsidwa m'tawuni sinditaya nazo nthawi. Nyemba, soya, mtedza, mazira ndi usipa zili pa msika wa Lizulu, ndipo tulo ndi taulere.

Gulani kope la sukulu. Lembanimo tsiku, fizo, malita a m'chigubu ndi maulendo amene mwakwanitsa. Musasinthe mafizowo kwa miyezi itatu, ngakhale anzanu akusekeni kuti mukuchita zachikale. Ikakwana miyeziyo, tsegulani tsamba loyamba muyerekeze ndi lomaliza, ndipo mukatero mukafunefune difenda wa ku Tsangano uja.