Musanagule mbaula, gogodani dothi la mkati

Amayi okazinga mandasi ndi eni matiyirumu pa Masambanjati dandaulo lawo ndi limodzi: mbaula za masiku ano sizikhalitsa. Mwagula lero, dzinja lisanathe dothi la mkati lang'aluka, makala ayamba kugwera pansi.

Mbaula ya lata kunja, dothi mkati, inayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980, komwe amaitcha jiko. Dothilo limasunga kutentha kuti makala asathe msanga, komanso limatchinjiriza lata ku moto. Likasweka, mwaluza pawiri.

Vuto lalikulu ndi phuma la oumba ena. Dothi limafuna kuvundikira, kuliumitsa pamthunzi, kenaka kuliwotcha mu uvuni mpaka lipse. Nkhuni zadula, ndiye ena amaphula lisanapse n'kulipaka chikule kuti lioneke lofiira. Musanyengeke ndi mtundu. Gogodani ndi kandalama kachitsulo: lakupsa limalira ngwee ngati mphika wabwino, losapsa limangoti phuphu. Kandaninso ndi chikhadabo. Likamanyenyeka, isiyeni, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo bwanji. Penyetsetsani pakati pa zibowo zogwetsera phulusa, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo.

Lata nalo lapepuka. Dziwani kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limamka lipyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa 32. Penti wakuda amabisa zambiri, choncho tsinani m'mphepete ndi zala. Ikapindika mosavuta, chiwaya chodzaza mafuta sichingakhazikike bwino, ndipo apa sitikunenanso za ndalama zokha, mafuta owira akhoza kukhuthukira mwana. Yeso lomweli ligwiritseni ntchito pa paipi ya chumuni, inu a mauvuni a masikono.

Koma tisangonyoza amisiri, enafe timapha tokha mbaula. Kuzimitsa moto ndi madzi kumang'alula dothi lotentha, ndipo phulusa lonyowa limadya lata. Kuno ku Thyolo, ndi chiperoni cha mu June ndi July, dzimbiri silichedwa. Khuthulani makala pansi, muwakwirire ndi mchenga, mbaula igone m'nyumba. Ikakhala yatsopano, yambani ndi kamoto kochepa.

Inu opikula ku Limbe, musazisanjikize zosakutira. Ikani masamba ouma a nthochi pakati pake, ndipo gwirizanani ndi wokhoma musanalipire kuti zofika zong'aluka adzakusinthirani.