Phunziro: Kupanga Christingle Pamodzi ndi Ana

Werengani Yohane 8:12

Amayi anzanga, ku England Khrisimasi imafika m'nyengo yozizira kwambiri. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho ana amabindikira m'nyumba. Pa masiku oterewa amapanga Christingle. Mwambowu unayamba mu 1747 ku Marienborn, m'dziko la Germany, pamene Bishopu Johannes de Watteville wa mpingo wa Moravian anagawira ana makandulo omangidwa riboni yofiira. Bungwe la The Children's Society linaubweretsa mu mpingo wa Anglican mu 1968, ku Lincoln Cathedral.

Zofunika: lalanje, kakandulo, kansalu kofiira, timitengo tinayi tosongola ndi maswiti ofewa kapena zipatso zouma.

Kapangidwe ndi tanthauzo lake:

1. Mwana atenge lalanje. Limeneli likuimira dziko lapansi.
2. Alikulunge pakati ndi kansalu kofiira, chizindikiro cha mwazi wa Yesu.
3. Atunge maswiti ku timitengo n'kutibaya mbali zinayi. Izi ndi zokolola zimene Mulungu amatipatsa nyengo zonse.
4. Inu mayi muboole pamwamba ndi mpeni, mwana azikepo kandulo. Ameneyu ndi Khristu, kuunika kwa dziko.

Mpeni ndi machesi zikhale m'manja mwanu, ndipo kandulo ikayaka musachokepo. Koma zotsalazo msiyeni mwana achite yekha, ngakhale zikhote. Chimene wapanga ndi manja ake sachiiwala msanga. Akamaliza, mufunseni afotokozere a m'banjamo tanthauzo la chilichonse.

Funso lokambirana: Kodi ana athu akatsekera sukulu, timakhala nawo pansi kangati?