Phunziro 17: Kodi Ukalamba Uli ndi Mankhwala?

Mawu a lero: shuga, mankhwala, ukalamba.

u-ka-la-mba
ka ke ki ko ku
mba mbe mbi mbo mbu

TIYENI TIWERENGE

Amayi ndi abambo a kuno ku Malowera, pali nkhani imene yafika m'midzi mwathu. Ena aimva pa wailesi. Ena aimva pa mafoni a ana awo. Akuti mankhwala a matenda a shuga amachedwetsa ukalamba. Tonse timafuna kukalamba tili ndi mphamvu, tikugwirabe khasu. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse.

Mankhwalawo dzina lake ndi metformin. Kuchipatala kwathu amalemba kuti metformina. Chiyambi chake ndi chitsamba china cha ku Ulaya. Mu 1957 dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayamba kuwapatsa odwala shuga. Ntchito yake ndi iyi: amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri m'magazi. Amathandizanso thupi kugwiritsa ntchito shuga amene alimo kale.

Matenda a shuga akuchuluka m'dziko lathu la Mozambique. Mu 2005 anapezeka mwa akuluakulu 3 pa 100 alionse. Pofika 2015 anali 7 pa 100 alionse. Kwa anthu ambiri odwala shuga, metformina ndi bwenzi lenileni.

NANGA ZA UKALAMBA ZINACHOKERA KUTI?

Mu 2013 akatswiri a ku America anapatsa mbewa mankhwalawa. Mbewazo zinakhala ndi moyo wotalikirapo pang'ono. Mu 2024 akatswiri a ku China anapatsa anyani kwa zaka zoposa 3. Anaona kuti ubongo ndi ziwalo zina za anyaniwo zinkakalamba mochedwa. Koma mbewa si munthu. Nyani si munthu.

Mu 2014, pa yunivesite ya Cardiff ku Britain, anawerenga mabuku a zipatala. Anapeza kuti odwala shuga akumwa metformina anakhala moyo wotalikirapo pang'ono kuposa anzawo opanda shuga. Anthu anadabwa kwambiri. Koma mu 2022 akatswiri a ku Denmark anawerenganso mabuku a kwawo, ndipo sanapeze zimenezo.

Dokotala wina wa ku New York, Nir Barzilai, anakonza zoti ayese nkhalamba 3,000 zopanda shuga kwa zaka 6, chifukwa umboni weniweni umachokera pa kuyesa kotere. Nkhani ya mbewa ndi ya mabuku a zipatala ndi chiyembekezo chabe. Si umboni.

KUIPA KWA KUMWA MWACHISAWAWA

Mankhwala alionse ali ndi mbali ziwiri. Metformina amatha kutsekula m'mimba ndi kuchititsa nseru. Akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12, munthu n'kumamva dzanzi m'mapazi. Kwa wodwala impso ndi kwa wakumwa kachasu kwambiri, angathe kupha. Mu 2019 anayesa nkhalamba zimene zinkachita masewero olimbitsa thupi. Zimene zinkamwa metformina minofu yake sinakule ngati ya zinzake.

Choncho tisagule mapiritsi pamsika kapena kwa anthu odutsa nawo malire. Tisapemphe mapiritsi kwa m'bale wathu wodwala shuga. Tikamutengera, ake adzatha tsiku lisanafike. Shuga adzakwera. Angathe kuchita khungu, kufa ziwalo kapena kudulidwa mwendo. Ife tifune unyamata, mnzathu ataye moyo?

CHIMENE CHILI M'MANJA MWATHU

Mu 2002 ku America anatulutsa zotsatira za kuyesa anthu 3,234 amene shuga anali atayamba kuwakwera. Anawagawa m'magulu atatu. Pa anthu 100 alionse, odwala shuga pa chaka anali motere: osalandira mankhwala enieni, 11, akumwa metformina, pafupifupi 8, oyenda pansi ndi kusamala kadyedwe, pafupifupi 5. Miyendo ndi mbale zinapambana piritsi!

Zimenezi tili nazo kale. Tidye nsima ya mgaiwa, nyemba, khobwe, nkhwani wotendera ndi zipatso. Tichepetse shuga m'tiyi, zakumwa zotsekemera, mchere ndi mowa. Tileke kusuta fodya.

Tidziwenso zizindikiro za shuga: ludzu losatha, kukodza kawirikawiri usiku, kuwonda popanda chifukwa, kutopa, kusaona bwino ndi zilonda zosapola. Tikaona zimenezi tipite kuchipatala, kuno ku Malowera kapena ku Fingoé, akatiyeze magazi. Akatipatsa metformina timwe tsiku ndi tsiku pamodzi ndi chakudya, monga atiuzira anamwino. Tisaleke poti tapeza bwino.

Munthu wodziwa kuwerenga amawerenga yekha dzina la mankhwala ndi tsiku limene atha mphamvu. Sanamizidwa. N'chifukwa chake tikuphunzira.

TIYENI TIKAMBIRANE

1. Kodi metformina ndi mankhwala a matenda anji?
2. Chifukwa chiyani si bwino kugawana mapiritsi?
3. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a shuga.

TIYENI TIWERENGERE

Agogo amamwa mapiritsi 2 pa tsiku. Alandira 60. Adzamwa masiku angati? Akagawira mlamu wawo 20, adzamwa masiku angati?

TIYENI TILEMBE

Mankhwala a shuga ndi a wodwala shuga.
Tiyezetse magazi kuchipatala.