Mafuta Akatayikira M'munda: Phunziro Lochokera ku Ogoni

Alimi anzathu, sabata ino tiyeni tione zimene zimachitika mafuta akatayikira m'nthaka. Chitsanzo chathu chikuchokera ku dera la Ogoni m'dziko la Nigeria, kumene anthu amadalira kulima chinangwa ndi kugwira nsomba.

Zimene zinachitika

M'chaka cha 2008 paipi ya kampani ya Shell yonyamula mafuta osayenga inabooka kawiri pafupi ndi mudzi wa Bodo. Mafuta anayenderera kwa masabata ambiri, nsomba zinafa, minda ya m'mphepete mwa madzi inaonongeka.

Boma la Nigeria linali litapempha kale nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, ya UNEP, kuti ifufuze dera lonse la Ogoni. Lipoti lake linatuluka mu 2011. M'malo ena mafuta anali atalowa pansi mamita asanu. M'zitsime za ku Nisisioken Ogale munapezeka poizoni woyambitsa khansa wotchedwa benzene, wochuluka ka 900 kuposa mlingo wa bungwe la zaumoyo la WHO. Akatswiriwo anati kuyeretsa derali kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Chipukuta misozi chinabwera mu 2015, pamene Shell inavomera kulipira mapaundi 55 miliyoni kwa anthu a ku Bodo. Boma linakhazikitsa ntchito yoyeretsa dera la Ogoni mu 2016, patapita zaka zisanu chitulukire lipoti lija.

Nthaka imayeretsedwa bwanji?

M'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mafuta pang'onopang'ono. Kuti tigwire bwino ntchito timafuna mpweya, chinyezi ndi chakudya, n'chifukwa chake oyeretsa amatembenuza dothi kawirikawiri ndi kuthiramo feteleza. Koma njirayi imathandiza dothi lapamwamba lokha. Mafuta akalowa pansi, pamafunika kufukula dothi lonse ndi makina. Tsiku lililonse lochedwa limakulitsa ntchito.

Nanga ife kuno?

Ku Malawi sitikumba mafuta, koma mathankala ochokera ku Beira ndi Dar es Salaam amadutsa m'mphepete mwa minda yathu, ndipo ena amagubuduzika. Dizilo ndi oyilo wa pa chigayo kapena wa pampu yothirira m'dimba amaononganso nthaka. Zikachitika, tsatani izi:

1. Musathamangire kukatunga mafutawo ndipo musayatse moto pafupi.
2. Kukakhala kopanda ngozi, unjikani dothi kapena mchenga kuti mafuta asalowe mu mtsinje, m'dambo kapena m'chitsime.
3. Musathirepo madzi, chifukwa amangowafalitsa. Mafuta ochepa mumwetse ndi utuchi kapena mchenga, kenaka muwole.
4. Dziwitsani mfumu, apolisi, mlangizi wa zaulimi ndi ofesi ya zachilengedwe kwa DC tsiku lomwelo.
5. Lembani tsiku, nambala ya galimoto ndi kukula kwa munda umene waonongeka. Umenewu ndi umboni wanu pofuna chipukuta misozi.
6. Madzi a chitsime akayamba kununkha mafuta, musamwe, musamwetse ziweto, musathirire ndiwo zamasamba mpaka atayezedwa.

Lamulo la dziko lino losamalira chilengedwe la 2017 likuti woononga ndiye alipire zokonza. Koma lamulo siligwira ntchito eni munda atakhala chete. Nenani msanga, ndipo musatope kukumbutsa. Akulu akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.